Chikanga cha mwana chikungobwererabwerera? Tiyeni tione pamene pakulakwika

Mwana wanga wachiwiri anayamba kukanda ali ndi miyezi inayi yokha, zala asanazidziwe nkomwe ntchito yake, ndiye ankangokhula masaya pa chitenje kumbuyo kwangaku uku ndi uku ine nkumati ndi tulo. Tsiku lina ndikumutsitsa ndinangoona masaya atuwa mbuu, tinsungu tating'onoting'ono ngati khungu la nkhuku yososola, pena pakuchucha timadzi. Pano ali ndi zaka 7 ndipo zaka zonsezi taphunzira mowawa, tataya ndalama pa machubu osadziwika, tamumanapo mazira chaka chathunthu popanda chifukwa, ndachezerapo usiku wonse nditamugwira manja kuti asadzikande. Nde ndati ndilembe zonse pamodzi chifukwa funso lomwe amayi anzanga amandifunsa ku sikelo ndi kutchalitchi limakhala lomwelomwelo: ndadzola zatha, zabweranso, ndikulakwitsa pati? Ine si dokotala, ndine mayi chabe amene wakhala pa benchi ya a zakhungu kambirimbiri nkumafunsa mafunso mpaka kutopetsa anthu.

M'buku la kuchipatala amalemba kuti eczema kapena atopic dermatitis. Ife timati chikanga, ena amangoti ziwengo, agogo ena amati mwanamphepo. Mmene anandilongosolera ine, khungu la mwana wotere lili ngati mtsuko wosaotcha bwino, madzi amangotulukira m'mbali osasungika nde limauma msanga, komanso zakunja monga sopo, fumbi, thukuta ndi tizilombo zimalowa mosavuta. Zikalowa, chitetezo cha m'thupi mwake chomwe chili ndi phuma kale chimachita ndewu ndi zinthu zomwe mwana wina sizingamuchite kanthu. Ndewuyo ndi imene imayabwa, akakanda khungu limang'ambika, zambiri zimalowa, kuyabwa kumawonjezeka, basi kumangozungulira pomwepo. Mtsukowo anabadwa nawo. Ndichifukwa chake palibe jakisoni mmodzi kapena chubu chimodzi chothetseratu, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo akufuna ndalama zanu.

"Kwathu kulibe zimenezi"

Awa anali mawu a apongozi anga atamuona koyamba, kutanthauza kuti zachokera kwa ine kapena pali munthu wachita zake. Chonsecho mwana wawo, bambo a mwanayu, amayenda ndi kampope ka mphumu m'thumba kkkk. Chikanga, mphumu ndi chimfine choyetsemula ndi fumbi chija ndi pachibale, zimayenda m'magazi, ndiye mukafufuza bwino kubanja nthawi zambiri mupeza wina ali ndi chimodzi mwa zitatuzi.

Ndipo si matenda osowa ayi. Padziko lonse anthu opitilira 200 miliyoni ali nacho. M'maiko ambiri mukatenga ana 100, ana 15 mpaka 20 amakhala nacho nthawi ina yake, akuluakulu ndi ocheperako. Pali kafukufuku wina wamkulu wotchedwa ISAAC amene anayamba mu 1991, anafunsa ana a sukulu m'maiko ambirimbiri ndi mafunso ofanana. Mu gawo lake lachitatu, kwa ana a zaka 6 mpaka 7, malo ena ku India anapeza ana osakwana mmodzi pa 100 aliwonse pamene ku Ecuador anapeza 22.5 pa 100. Kwa a zaka 13 mpaka 14 zinayambira pa 0.2 ku China kufika 24.6 ku Colombia, ndipo manambala okwera kwambiri pa msinkhu umenewu anatuluka ku Africa kuno ndi ku Latin America. Nde zoti awa ndi matenda a azungu kapena a ana a mabwana, iwalani. Chomwe chimaoneka ndi choti mtauni chimachuluka kuposa kumudzi, ku Ethiopia anayerekeza tauni ya Jimma ndi midzi yozungulira napeza zomwezo. Ku London nako mu 1995 anapeza kuti ana akuda ochokera ku mabanja a ku Caribbean obadwira komweko anali nacho pafupifupi kawiri kuposa anzawo achizungu, pafupifupi 16 pa 100 pamene azungu sanafike 9. Anzathu amene muli ku UK mwana akayamba kutuwa nthawi yozizira ija ma heater ali moto musadabwe.

China chomwe chinandisangalatsa: mu 2006 ku Dundee ku Scotland anatulukira kuti azungu ambiri a chikanga ali ndi vuto pa jini (kalangizo ka m'thupi kotengera kwa makolo) yopanga filaggrin, kanthu kamene kamamata khungu kuti lisunge madzi, ndipo pafupifupi mzungu mmodzi pa 10 alionse ali ndi vuto limenelo. Koma atakayeza anthu a chikanga a mtundu wa amaXhosa ku South Africa sanalipeze vuto lija. Ndekuti mwina kwa ambiri a ife anthu akuda khomo lolowera ndi lina, ngakhale kuyabwa kwake kuli komweko.

Ana ambiri chimayamba asanakwanitse chaka, ndipo pafupifupi onse asanafike zaka 5. Ambiri chimachepa kapena kusiyiratu akamakula, ena chimawaperekeza mpaka ukulu. Sichipatsirana. Mwana wanu atha kugona mphasa imodzi ndi mnzake osamupatsira.

Poyamba penipeni, mwina si chikanga

Apa ndi pamene anthu ambiri timasocherera chifukwa chilichonse choyabwa timati ziwengo. Mabuku ambiri amati chikanga chimafiira, koma pa khungu lathu kufiira sikuoneka kwenikweni, pamangoda kuposa pena ponse, kapena kutuwa ngati phulusa, kapena tinsungu tambirimbiri pa mabowo a ubweya. Kwa khanda chimakonda masaya, chipumi, kunja kwa mikono ndi miyendo, koma chodabwitsa malo a thewera nthawi zambiri amakhala osalala bwinobwino chifukwa pamakhala chinyezi. Akakula chimasamukira mopindika, mkati mwa chigongono, kuseri kwa mawondo, m'khosi, m'mfundo za manja apa povala wotchi, ngakhale ana athu ambiri chimakhalanso kunja kwa zigongono ndi pamwamba pa mawondo. Pokandidwa nthawi yaitali pamakhuthala nkuchita mizeremizere ngati khungwa la mtengo.

Tsono funsani funso ili: m'nyumbamu aliponso wina akukanda? Ngati inu, bambo ake ndi wantchito nonse mukukanda usiku, tinsungu tili pakati pa zala, m'chiuno, kumaliseche, kwa khanda mpaka m'zikhatho ndi kuphazi, amenewo ndi mphere. Mphere ndi kachilombo kokumba khungu, amapatsirana, ndipo mankhwala ake ndi ena, kuchipatala amapereka benzyl benzoate wopaka thupi lonse, anthu onse a m'nyumbamo nthawi imodzi, zovala ndi zofunda kuchapa nkuyanika padzuwa. Mukapaka kirimu wa chikanga pa mphere kuyabwa kumachepa masiku awiri kenako amabuka moopsa. Ngati ndi chozungulira ngati kobiri, m'mphepete motukuka pakati poyera, kapena m'mutu tsitsi likuthothoka, chimenecho ndi chipere, nachonso kirimu wa chikanga amachinenepetsa. Ndipo pali ana ena amene thupi lawo limawengedwa ndi kulumidwa, udzudzu, nsikidzi, utitiri wa nkhuku kapena nthata za galu, tizotupa tolimba m'miyendo ndi m'mikono mosavala, chilichonse ndi kadontho pakati, chatsopano chikaluma zakale zonse zimadzuka. Ameneyo mankhwala ake enieni ndi neti, buluku lalitali madzulo ndi kusuntha khola.

Kwa akuluakulu onjezani izi: chikanga cha pansi pa mchombo penipeni pokhudza batani la jinzi, kapena m'makutu movala ndolo zotchipa, nthawi zambiri ndi chitsulo cha nickel. Chipumi ndi makutu kutupa mutadaya tsitsi ndi dayi wakuda, ndi dayiyo. Manja okhaokha othetheka kwa munthu wochapa tsiku lonse, kapena womanga amene amagwira simenti ndi manja, yankho lili pa ntchitopo. Ndipo munthu wamkulu amene wangoyamba tizotupa toyabwa thupi lonse tosamva mankhwala, kukayezetsa magazi ndi nzeru, palibe chamanyazi.

Mukudzola koma akutuwabe

Ili ndiye vuto lalikulu ndipo ndikhalapo pang'ono. Ine ndinkati ndikudzoza mwana, kutanthauza kamodzi mmawa akasamba, kachala kamodzi ka loshoni wonunkhira thupi lonse. A zakhungu ena atandifunsa kuti botolo limatha masiku angati ndinati miyezi iwiri, anangoseka. Mwana amene chikanga chagwira malo ambiri amafunika magalamu 250 mpaka 500 a mafuta pa sabata. Pa sabata, osati pa mwezi. Kudzola kosachepera kawiri pa tsiku, nthawi youma katatu kanayi, thupi lonse osati pa zilonda pokha, ndipo osasiya ngakhale khungu litasalala. Kubwerera kwambiri komwe timadandaula kuja kumachokera apa, mwana akangochira timati zatha nkubweza botolo pa windo.

Mafuta ake ati? Olemera, opanda fungo, opanda mtundu. Vaselini yoyera wamba ija ndi imene yatipulumutsa ife chifukwa ndi yotchipa ndipo simuluma. Emulsifying ointment ya ku famase nayo ndi yabwino, imathekanso kusambira m'malo mwa sopo mukaisungunula m'madzi ofunda. Maloshoni amadzimadzi onunkhira maluwa aja amauma msanga ndipo perefyumu yake ndi imene imawenga. Samalani ndi aqueous cream, anthu ambiri amaikonda poti ndi yotchipa ndipo dzina lake limamveka lachipatala, koma yambiri imakhala ndi sodium lauryl sulphate, chinthu chochititsa thovu ngati cha mu sopo, ndipo ku UK anachenjeza mu 2013 kuti ikasiyidwa pa khungu la chikanga imatha kuluma ndi kuwonjezera vuto. Wanga ankalira ngati ndamupaka tsabola ine nkumati ndi matama. Werengani kuseri kwa botolo. Ngati ndalama zavuta, mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati osasakaniza ndi kanthu amathandizako, koma a olive ayi, amafooketsa khungu.

Kadzoledwe nakonso. Sambani m'manja, tapani ndi supuni yoyera osati kupisa chala m'botolo chifukwa mumasiyamo tizilombo, ndiye sisitani motsata mmene ubweya wagonera, kuchokera kumtunda kupita kumunsi, osatikita mwamphamvu ngati mukukanda ufa wa mandasi. Nthawi yabwino kuposa zonse ndi akangotuluka m'bafa khungu likadali lonyowa, mphindi zitatu zisanathe.

Chenjezo limodzi lomwe sindinalimvepo kwa wina aliyense mpaka mochedwa: mafuta amenewa akalowerera mu zovala ndi zofunda, nsaluyo imagwira moto msanga kwambiri. Ife a mbaula ndi makandulo magetsi akazima, mwana wodzola vaselini thupi lonse asakhale pafupi ndi moto kuwotha mu June muja, chonde.

Kubafa

Timakonda kukwecha ana ife. Chinkhupule, sopo wa mtanda yemweyo wochapira, madzi otentha kuti "tizilombo tife", ena mpaka kuthira mankhwala opha majeremusi m'madzi. Zonsezi zimachotsa kamafuta kochepa komwe khungu lake lili nako. Chikanga si uve. Madzi akhale ofunda chabe, mphindi 5 mpaka 10, kamodzi pa tsiku, dzanja lanu lokwanira, sopo pang'ono wopanda fungo m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi basi. Popukuta muzingogunditsa thaulo osakhula. Madzi otentha amakoma pa nthawiyo, mwana amachita kutseka maso, koma pakatha ola kuyabwa kumabwera kawiri.

Zovala muzitsukuluza kawiri kuti safu yense achoke, ndipo zofewetsa zovala zonunkhira zija zisiyeni. Juzi yaubweya ya pa kaunjika isakhudze khungu, muvekeni kaye malaya a thonje mkati. Za pa kaunjika zonse kuchapa kaye musanamuveke, fungo lija si la chabe. Ma label a m'khosi ndimadula onse.

Kirimu wa kuchipatala: ena tikumuopa, ena tikumuseweretsa

Mafuta amateteza, koma chikanga chikabuka mafuta okha sazimitsa. Pamafunika kirimu wa steroid, mankhwala ozimitsa kutupa ndi kuyabwa, amene madokotala akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 1952 pamene hydrocortisone wopaka anayamba. Apa pali magulu awiri a anthu ndipo ine ndakhalapo m'magulu onse.

Gulu loyamba ndi la amantha. Tinamva kuti steroid amawononga khungu nde timapaka kadontho kosaoneka masiku awiri, zikangochepa pang'ono tasiya, Lachisanu zabweranso, nkumati mankhwalawa sagwira. Moto mwauzimitsa theka, makala akadali ofiira pansi pa phulusa. Muyezo wake ndi uwu: finyani kirimu pa chala chanu cha mkombaphala kuyambira pa mzere woyamba kufika kunsonga. Ameneyo ndi pafupifupi theka la galamu ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Pakani pokhapo pali chikanga, kamodzi kapena kawiri pa tsiku monga akuuzirani, mpaka mukasisita ndi chala mutatseka maso pakhale posalala ndipo mwana wasiya kukanda, nthawi zambiri sabata imodzi kapena ziwiri. Musadalire maso chifukwa pa khungu lakuda mtundu umatsalira nthawi yaitali chikanga chitapola kale, dalirani chala. Pakati pa kirimu ndi mafuta siyani mpata wa mphindi ngati 30 kuti zisasungunulane.

Mphamvu zake zimasiyana. Hydrocortisone 1% ndi wofatsa, ndi amene amapereka kumaso, m'khosi ndi kwa makanda. Betamethasone ndi wamphamvu, wa malo okhuthala a m'miyendo ndi m'mikono kwa masiku owerengeka, osati kumaso kapena mothewera. Clobetasol ndi wamphamvu zedi, si wa mwana pokhapokha dokotala wa khungu atanena yekha. Ndiye ngati mwakhala mukupaka hydrocortisone pa bondo lokhuthala ngati chikopa sabata ziwiri osasintha, simukulakwitsa kapakidwe, mankhwalawo achepa mphamvu, bwererani mukawauze.

Gulu lachiwiri ndi la machubu a mumsika. Mayi wina woyandikana naye nyumba anandipatsa kachubu kopanda pepala, akuti kamachotsa chilichonse, ndipo zoona masiku atatu mwana anasalala ngati galasi. Ndinapaka kumaso miyezi iwiri. Masaya anayera kuposa thupi lonse, khungu linapyapyala timitsempha nkumaoneka, ndipo tsiku lomwe kanatha chikanga chinabwera ndi abale ake omwe. Nditawerenga tizilembo tating'ono ndinapeza clobetasol, yemweyo amene ali m'mafuta ambiri oyeretsa khungu. Zoopsa zomwe timamva za steroid zimachokera kuno, wamphamvu, pa malo osayenera, miyezi yambiri, popanda woyang'anira. Machubu ena amasakaniza zitatu, steroid, mankhwala a chipere ndi antibayotiki, amenewo ndiye amasokoneza mpaka dokotala osazindikiranso chomwe chinalipo poyamba.

Ngati malo omweomwewo amabuka mwezi ndi mwezi, funsani za njira yopaka masiku awiri okha pa sabata, ife timachita Loweruka ndi Lamulungu, pa malo odziwika aja ngakhale patapola, masiku enawo mafuta okha. Kwa ife zimenezi ndi zimene zinasintha zinthu kuseri kwa mawondo.

Chaka chili ndi nyengo zake

Ndikayang'ana m'buku lake la kuchipatala masiku omwe tinapita amangogwera malo awiri. June ndi July, mwera ukamawomba mpweya uli gwa, khungu limauma kuchita kulembeka ndi chikhadabo. Kenako October, thukuta. Thukuta likauma pa khungu la chikanga limaluma ngati chitedze, nde nthawi yotentha ndimamupukuta ndi kansalu konyowa akabwera kosewera, zovala zopepuka, mafuta opyapyala koma pafupipafupi chifukwa vaselini wochindikala pa dzuwa la October amabweretsa tinsungu ta thukuta. Pakatipo pali fumbi la August ndi utsi wa zinyalala zomwe anthu amawotcha. Ndinaphunzira kuwonjezera mafuta mu May zisanayambe osadikira kuti ayambe kukanda. Komanso kumuphimba mabulangete atatu usiku poopa chibayo, ayi, akatenthedwa amakanda mpaka magazi.

Nkhani ya mazira

Aliyense amene anaona mwana wanga anali ndi chakudya choti ndimuletse. Mazira, mkaka, usipa, nkhumba, nsinjiro, matemba, wina mpaka anati tomato. Nditatsatira zonse mwana anatsala ndi phala loyera ndi nsima ya masamba, sikelo inayamba kutsika, anesi anandikalipira ndipo anali ndi chifukwa. Chikanga osasintha olo pang'ono.

Zoona zake, ana a chikanga amakhala ndi ziwengo za chakudya kuposa ana ena, makamaka amene chinayamba ali akhanda ndipo ndi chachikulu, mwa amenewo pafupifupi mmodzi pa atatu. Koma chiwengo cha chakudya chimadzionetsa chokha: akadya dzira kapena chiponde, pasanathe maola awiri milomo kapena zikope zatupa, zidzolo zotukuka ngati walumidwa ndi njuchi, kusanza, kapena kubanika. Zikatero siyani chakudyacho mukaonane ndi dokotala, ndipo ngati akubanika thamangani nthawi yomweyo. Koma ngati amadya nsinjiro mu ndiwo tsiku ndi tsiku osaona chilichonse, musamuletse. Kafukufuku wa ku London wotchedwa LEAP amene anatuluka mu 2015 anatenga makanda a chikanga chachikulu kapena owengedwa ndi mazira, ena anawayambitsa mtedza msanga ena anawaletsa, ndipo amene ankadya aja chiwengo cha mtedza chinachepa ndi pafupifupi 80 pa 100. Ndekuti phala la nsinjiro lomwe amayi athu ankatipatsa lija linali ndi nzeru zake, kungoti khanda osalipatsa mtedza wathunthu lingatsamwe. Ndipo inu oyamwitsa musadzimane zakudya kapena kumuchotsa kubere ati mkaka wanu ndi woipa.

Usiku

Masana amaiwala poti ali bize kusewera, usiku ndiye nkhondo, mumangomva khwe khwe khwe mumdima, mmawa shiti ili madonthomadontho a magazi ndi nkhanambo. Kumukalipira kuti usakande ndi kutaya nthawi, amakanda ali mtulo. Wengani zikhadabo kawiri pa sabata, mudzozeni mafuta ambiri asanagone, muvekeni zathonje za manja aatali, khanda mutha kuliveka masokosi m'manja. Kansalu konyowa ndi madzi ozizira pa malo oyabwa kamaziziritsa msanga kuposa china chilichonse. Wanga ndinamuphunzitsa kutsina pang'ono kapena kumenya ndi chikhatho m'malo mokanda, nthawi zina zimatheka nthawi zina ayi.

Piritoni anthu timamudalira kwambiri koma pa chikanga sachotsa kuyabwa kwenikweni, amangogonetsa. Usiku umodzi umodzi zikafika povuta, dokotala atanena muyezo, chabwino, koma osati tsiku lililonse ndipo osapatsa khanda mwa nokha. Mwana amene akukanda usiku uliwonse ndekuti chikanga sichinazime, bwererani ku nkhani ya kirimu ija.

Mawanga otsala

Pakapola pamatsala mawanga, ena oyera ena akuda bii, ndipo apa ndi pamene achibale amayambanso kuyankhula, ati mankhwala amuwaula, ena mpaka kutchula khate. Nthawi zambiri ndi chikanga chomwecho chimene chasokoneza mtundu wa khungu, ndipo umabwerera wokha pakapita miyezi, nthawi zina chaka. Musapake zoyeretsa pa mawanga akuda, musakweche, ndipo mphini musatemere, bala lililonse latsopano ndi khomo la tizilombo komanso limasiya chipsera chake.

Izi zokha musadikire mawa

Khungu la chikanga limasunga bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus kwambiri, ndiye likang'ambika amalowa. Mukaona nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, mafinya, kununkha, kutupa kotentha, mwanabele, kapena mwana watentha thupi, pamafunika antibayotiki wa kuchipatala, osati makapusozi otsala a chaka chatha kuwathira pa bala.

Choopsa kwambiri ndi ichi: timatuza kapena timabowo tating'ono tofanana kukula, tambirimbiri pamodzi ngati wina waboola ndi nsonga ya bolopeni, tikufalikira msanga, mwana akumva kuwawa osati kuyabwa chabe, wafooka. Kameneko ndi kachilombo ka zilonda za pamilomo zija anthu amati za malungo, kakalowa pa chikanga kamayenda ngati moto wa kutchire ndipo pafupi ndi maso kangathe kuwononga diso. Mankhwala ake ndi aciclovir ndipo ndi a tsiku lomwelo. Munthu amene ali ndi chilonda cha pamlomo asapsompsone mwana wa chikanga, olo akhale agogo ake, akwiye basi.

Komanso zidzolo zomwe zayamba munthu atayamba mankhwala atsopano masiku kapena masabata apitawa, monga bakitilimu, Fansidar, nevirapine kapena mankhwala ena a khunyu, makamaka ngati mkamwa muli zilonda, maso afiira, khungu likusupuka, chimenecho si chikanga. Tengani mankhwala onse m'jumbo mupite nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukapita kuchipatala

Pa health centre nthawi zambiri mupeza hydrocortisone ngati alipo, ndipo kwa ana ambiri ameneyo ndi mafuta zimakwana. Zikakanika pemphani kalata yopita kwa a zakhungu. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Central ku Lilongwe kuli makiliniki a khungu, ndipo m'zipatala zina za maboma muli ma clinical officer amene anakaphunzira za khungu ku Moshi ku Tanzania, funsani tsiku lomwe amaona anthu musanawononge thiransipoti. Kunja kuli mankhwala atsopano monga jakisoni wa dupilumab amene anavomerezedwa ku America mu 2017, koma mtengo wake si wa thumba la ambiri a ife, ndipo ndi wa chikanga chachikulu chomwe chakana zina zonse.

Nyamulani machubu onse omwe mwapakapo, ngakhale a mumsika aja, musachite manyazi, dokotala akuyenera kudziwa. Jambulani pa foni tsiku lomwe zabuka kwambiri chifukwa mwana ameneyu tsiku la kuchipatala amasalala dala. Ndipo musatuluke musanafunse zinthu zitatu: chubu ichi ndi cha malo ati, masiku angati, zikabweranso nditani. Muwapemphe alembe m'buku. Ine ndimalembanso ndi maka pa chubu penipeni, china "nkhope" china "miyendo", chifukwa tsiku lina ndili kumaliro bambo ake anasinthanitsa sabata yathunthu. Kusukulu ndinakapereka kabotolo kakang'ono ka vaselini kwa aphunzitsi ake nkuwafotokozera kuti sizopatsirana, poti anali atayamba kumukhazika payekha kumbuyo, ndipo pano amadzola yekha pa buleki asanadye chimanga chake chokazinga.